Kambiya Kamene Ndinaphula Kasanazizire

Mchimwene wanga,

Ndiyambe ndi moni, poti ndi mmene anatilerera, ngakhale mtima ukufuna kuyambira pena. Uli bwanji kumeneko? Mlamu wanga ali bwanji, nanga ana? Ndinamva kuti wamng'onoyo wayamba sukulu. Ndinamvera kwa anthu ena, komabe ndinakondwa. Nanga chifuwa chako chija chimakugwira nyengo yozizira, chinakuleka?

Kuno tadzuka. Ine ndi bondo lakumanzere limene layamba kundikumbutsa zaka, makamaka pa masitepe. Amayi akudya bwino ndipo tulo akupeza. Dzanja lamanja lija silinabwererenso, mwendo amachita kukoka, ndipo mawu amene anawatsalira m'kamwa sakwana khumi. Bedi ndinawasunthira pazenera kuti aziona msewu. Basi ikaima pansipa amatukula khosi n'kumayang'ana otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza. Ndinasiya kuwafunsa kuti akudikira yani.

Kalata yako ndinaimva. Sindikunena yolembera ine ayi, imeneyo ili m'njira chaka chachitatu tsopano. Ndikunena ija unalembera a Pulofesa a kuntchito kwathu kuno.

Anandiitanitsa Lolemba lina m'mawa, kumayambiriro kwa mwezi watha, ndili ndi magolovesi m'manja. Ndinakhala pa mpando uja umagwedera, iwo n'kuvala magalasi, n'kuyamba kundifotokozera mavuto ako ngati akufotokozera mlendo. Anati pepala la kafukufuku lija linakupatsa dzina lili pa moto. Malabotale atatu a m'maiko osiyana awotcha ufa wa mankhwala womwewo, motsatira zonse zimene unalemba, koma sanaone zimene unaona. Iwe mwini wayesa kangapo kumeneko, zakukanika. Tsono komiti ya kuntchito kwako ikhala kumapeto kwa mwezi uno kuti igamule ngati manambala aja unachita kupeka. Ikagamula choncho ntchito yatha, ndipo udokotala wako utsala wa pakhoma basi.

Kufika pamenepo mtima unali utandiwawa chifukwa cha iwe. Kenaka anafika pa ndime yachitatu.

Unalemba kuti mwina vuto linachokera kwa mayi wa ku ng'anjo uja. Kuti mwina anasokoneza ufa, kapena kambiya kowotcheramo kanali kosatsuka. Kuti ndi mayi wakhama ndithu koma sukulu inamuchepera, ndipo iwe unkangoyeza zimene wakupatsa.

Sukulu inamuchepera. A Pulofesa anawerenga mawu amenewo mothamanga, n'kutsokomola, n'kundipepesa. Anati ndisazitengere kumtima, munthu madzi akamufika m'khosi amayankhula zilizonse. Anati iwo akundidziwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo buku langa la ng'anjo silinanamepo. Ine ndinangoyang'ana magolovesi. Bambo aja sankadziwa kuti wolemba kalatayo ndinkamubereka kumsana, ndipo anandikodzerapo kosawerengeka.

Pamenepa ndisakunamizire, zobisa chibalezi ndinayambitsa ndine. Utapeza malo ophunzira m'labotale mwathu, ndinakuuza kuti tisaulule, kuopa anthu anganene kuti walowera pawindo chifukwa cha mlongo wako. Dzina langa ndi la malemu alamu ako, lako ndi la bambo, choncho zinali zosavuta. Tinagwirizana kuti pantchito uzinditchula kuti mayi, ine ndizikutchula kuti bambo, tikatuluka pageti tizibwerera kukhala anthu. Miyezi yoyamba unkaseka nazo, unkanditsinzinira diso tikakumana m'khonde. Chaka chisanathe unasiya kutsinzina. Tsiku lina tili pokwerera basi, kunja kwa geti, unanditchula kuti mayi, ndipo sunazindikire n'komwe.

Popeza sukulu inandichepera, undilole ndikukumbutse zochepa zimene ndikudziwa. Ufa wa kobalti ndi ufa wa sodiyamu ndimaupima pa sikelo, ndimaupera m'kamtondo ka mwala mphindi makumi anayi mpaka phewa lichite dzanzi. Ndimauthira m'kambiya koyera n'kulowetsa m'ng'anjo. Chotuluka ndi timapale takuda tonyezimira, tosendeka ndi chikhadabo. Ndiwe unandiuza kuti mkati mwake muli ngati buku, masamba a kobalti ndi okosijeni osanjikizana, sodiyamu atakhala pakati pa tsamba ndi tsamba. Koma ndine ndinakuuza kuti sodiyamu ndi wothawathawa, kuti ukamulowetsa m'ng'anjo yozizira n'kumatenthetsa pang'onopang'ono amatuluka ngati nthunzi, n'chifukwa chake ndimalowetsa kambiya ng'anjo itafiira kale. Zimenezo unazilemba m'pepala lako ngati unachita kuzilota.

Ndikudziwanso chimene unapeza. Kapale ka m'kambiya nambala 41 utakaziziritsa m'makina aja a m'chipinda chapamwamba, kuzizira kumene ngakhale mpweya umasanduka madzi, kanasintha khalidwe mwadzidzidzi. Timaginito ta mu kobalti, timene tinkangoloza paliponse, tinafola, kena kuloza kumwamba, kanzake pansi. Nthawi yomweyo magetsi, amene ankadutsa ngati mu waya, anaima nji. Mzere wa papepala unadumpha. Unatsika masitepe awiriawiri pepala lili m'manja, unalowa m'chipinda cha ng'anjo, unatseka chitseko, ndipo unati, “Achemwali, taonani!” Aka kanali komaliza kunditchula choncho m'nyumba imene ija.

Tsono khala pansi ndikuuze za kambiya nambala 41, poti buku langa losanama lija linanama.

Lamulo la kaphikidwe limati kambiya kakapsa kazizire m'ng'anjo momwemo, ine ndikutsitsa moto pang'onopang'ono kuyambira masana mpaka poweruka, kenaka kagone momwemo mpaka mawa. Ng'anjo yakale ija ukuidziwa. Siidzitsitsa yokha, imafuna dzanja theka la ola lililonse, ndipo siiloledwa kukhala yoyaka popanda munthu.

Linali Lachinayi, zaka zisanu zapitazo, cha m'ma 11 koloko, ng'anjo ili pa moto wake wonse. Foni inalira. Anali aneba aja a khomo loyang'anana nalo, akulira. Anati amayi agwa pa masitepe ndi beseni la zovala, pakamwa papotoka, sakuyankha.

Sindinathamangire kugeti. Ndinathamangira kumwamba, kwa iwe, chifukwa mmodzi wa ife anayenera kupita ndipo ine ndinali ndi moto. Ndinakupeza uli ndi a Chisanu, mayi aja oyendetsa makina oziziritsa, amene tinawapatsa dzinali chifukwa cha ntchito yawo ndi majuzi awo awiri. Ndinagogoda pagalasi n'kunena kuti bambo, pepani, tingaonane panja? M'khonde ndinakuuza. Unagwira pamutu, sindikana, ndipo maso anafiira. Kenaka unayang'ana wotchi. Unati heliyamu woziziritsira uja wathiridwa kale m'makina, kuyeza kwayamba, ukachoka pano sabata yako yapita ndipo ina udzaipeza patatha miyezi itatu. Unati pitani inu, ndikupezani.

Unatipeza mawa lake madzulo, utanyamula zipatso, munthu wake asakutha kumeza ngakhale madzi.

Ine ndinatsika masitepe mutu usakugwira. Ndikanangozimitsa ng'anjo n'kusiya kambiya momwemo, koma ndinaopa. Ufa uja ukasungunuka n'kukhalitsa pa moto waukulu umakwera m'mbali mwa kambiya n'kukadya pansi pa ng'anjo, ndinazionapo. Choncho ndinachita zimene mayi aliyense amachita mwana akagwa mphika uli pamoto. Ndinaphula. Ndinatsekula chitseko cha ng'anjo, moto unandiwaula nsidze, ndinagwira kambiya ndi chopanira kali psuu, ndinakakhazika pa chitsulo chochindikala chija timaikapo zopanira, ndinakavindikira ndi kambiya kanzake, ndinazimitsa, ndinathamanga. Ndinazindikira ndili m'basi kuti golovesi limodzi ndidakalivala.

Kambiya kamene kanayenera kuzizira mpaka mawa kanazizira mphindi zochepa.

Ndinabwerera Lolemba, nditakhala masiku atatu pa benchi la kuchipatala. Ndinakapeza pomwepo, kosang'aluka. Ndinatsekula buku. Kulemba zoona kunali kuvomera kuti ndinatulutsa chinthu chofiira n'kuchisiya m'chipinda chopanda munthu, mlandu wochotsetsa ntchito tsiku lomwelo, pamene kuchipatala kunali munthu amene kuyambira pamenepo azidalira ine pa chilichonse. Ndinalemba kuti kanazizira pang'onopang'ono monga mwa lamulo. Ndinasaina. Maganizo anga anali oti timapaleto nditaye mwakachetechete, ndiphike tina.

Ndisanataye unalowa iwe. Unati mnzako wina wadwala, wakusiyira masiku awiri a makina, koma ulibe choyeza. Unaona kabotolo patebulo. Ndinatsekula pakamwa kuti ndikuuze, koma iwe unkayang'ana kabotolo, osati ine, ndipo sunafunse n'komwe kuti amayi adzuka bwanji m'mawa umenewo. Ndinakupatsa.

Ndiye uone mmene dziko limayendera. Chimene chinakukweza ndege, chimene chinakupatsa ofesi ya dzina pachitseko, chinabadwa chifukwa unakana kupita kwa amayi ako. Ukanapita iwe, ine ndikanatsitsa moto bwinobwino, kambiya kakanatuluka ngati anzake makumi anayi aja, ndipo bwenzi lero uli munthu wamba ngati tonsefe, wopanda komiti yomukhalira.

Tsiku lotsazika ukulikumbuka? Tinafola m'khonde tonse a yunifolomu, iwe ukudutsa n'kumatigwira chanza. Ine ndinali pakati pa wokonza mapaipi ndi wosesa. Unandigwira chanza chimodzimodzi ndi iwowo, n'kunena kuti zikomo mayi pa zonse. Wosesa uja atakuona wapita anandiuza kuti mwana uyu analeredwa bwino. Ndinati eya, amene anamulera anayesetsa.

Koma kalata ino sindikulemba kuti ndidziyeretse. Poyamba sindinadziwe kuti kuphula kuja kuli ndi kanthu. Ndinayamba kukayikira zaka ziwiri zapitazo, madandaulo atayamba kubwera, a Pulofesa atandiuza kuti ndiphikenso 41. Ndinaphika kasanu motsatira buku, ndipo kasanu konse mzere unangodutsa osadumpha. Ndinadziwa chimene chinali chosiyana, koma ndinatseka pakamwa. Ndinkadziuza kuti ndikuopa ntchito, ndipo zinali zoona. Koma panalinso china. M'pepala lako unathokoza a Pulofesa, a Chisanu, bungwe limene linapereka makina, mpaka mkazi wako chifukwa cha kupirira. Ine ndinali mu mzere umodzi wopanda munthu, woti ufa unawotchedwa m'ng'anjo monga mwa nthawi zonse, ngati unadziwotcha wokha. Tsono nditamva kuti wayamba kutuluka thukuta, kamtima kena kanati musiye alaweko. Ndikuchita nazo manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Nditatuluka mu ofesi ya a Pulofesa tsiku la kalata yako lija, kamtima kaja kanakula. Ndinati amire. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo iwe mlomo unausiya papepala, n'kusainira pansi pake.

Koma manja anga sanamvere. Ndinkafuna kudziwa, ine ndekha, ngati mayi wosaphunzirayu anadetsadi kambiya kapena ayi. Lachitatu ndinapera ufa, ndinatenthetsa ng'anjo, ndipo 11 koloko itakwana ndinaphula kambiya kali psuu, n'kukakhazika pa chitsulo chomwe chija, n'kuvindikira chimodzimodzi. Ulendo uno ndinakhala pambali pake mpaka kanazizira. Timapaleto ndinapita nato kwa a Chisanu, n'kuwapempha kuti atiyeze pakapezeka mpata, ndipo asafunse zambiri.

Anandiitana Lachisanu masana. Ndinaima kumbuyo kwawo, tonse tikuyang'ana mzere ukukwawa pa kompyuta pamene kuzizira kunkakulirakulira. Utafika pamalo paja, unadumpha. Pamalo pomwepo, msinkhu womwewo. A Chisanu anavula juzi imodzi, chinthu chimene sindinachionepo chiyambire, n'kunena kuti, “Mayi inu, mwachita chiyani?”

Ndinawauza zonse, ndi za chibale zomwe. Anaseka mpaka misozi. Anati za chibalezo anazidziwa sabata yoyamba, chifukwa anthu awiri sangakhale ndi makutu otambalala chomwecho mwangozi, ndiponso tonse tikakwiya timakanda chigongono. Atatha kuseka anandigwira dzanja, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikakanena zimenezi makiyi atsala patebulo. Ndinati ndikudziwa.

Ndinabwereza katatu, ndipo katatu konse mzere unadumpha. A Chisanu akuganiza kuti kuzizira kwadzidzidzi kumamugwira sodiyamu asanakhazikike mmene amakhalira nthawi zonse pakati pa masamba aja, ndipo akakhala mwa mtundu winawu ndi pamene timaginito timafola n'kutsekera magetsi njira. Zimenezo mukalimbane nazo inu ophunzira. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti sunapeke kanthu. Unayeza zoona. Bodza m'nkhani yonseyi ndi limodzi, ndipo lili m'buku langa, m'malembedwe anga.

Sabata ziwiri ndinayenda ndi nkhaniyi pachifuwa. Ndikakhala chete, ntchito ndisunga, zaka zitatu zatsala kuti ndipumezi ndimaliza ndi ulemu wanga, iwe ugwa. Ndikayankhula, iwe uima, ine ndituluka pageti ndi katoni. Ndinkaziganiza m'basi, ndinkaziganiza posambitsa amayi, ndipo ndikuuze zoona, masiku ambiri unkaluza ndiwe.

Loweruka lina m'mawa ndinkawapesa tsitsi pazenera paja. Ndimayankhula nawo zambiri ndikamawapesa, poti sangakaulule kwa munthu. Ndinawauza zonse, za kambiya, za buku, za komiti, ndi za kalata yako, osachotsapo liwu. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha m'moyo uno akwiye nawe. Ndinaona mbali yamoyo ija ya nkhope yawo ikugwedezeka. Anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, analimbana ndi lilime nthawi yaitali, malovu akutsika pachibwano, kenaka liwu linatuluka.

“Mpatse.”

Pa mawu onse a m'dziko muno, sitiroko inawasiyira limeneli. Ukulikumbuka? Buku lija la sayansi ndinalandira nditakhala woyamba m'kalasi, iwe ukulirira zithunzi zake, anati mpatse. Tebulo la pafupi ndi nyale, anati mpatse, ali ndi mayeso. Chaka chimene bambo anamwalira, zitaoneka kuti mmodzi wa ife ayenera kusiya sukulu akafune ntchito, kalata yondiitana ku koleji ili m'thumba mwanga, sanachite kutchula n'komwe, anangondiyang'ana. Sukulu sinandichepere, mchimwene wanga. Ndinakupatsa.

Ndinaika chipeso pansi n'kupita kubafa kukalira, ndipo sikunali kulira kwa chisoni. Ndinawakwiyira amayi anga odwala, ndinawanenera zoipa mumtima, Mulungu andikhululukire. Nditatuluka ndinawapeza atatukula khosi, basi itaima pansipa.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Pulofesa osaitanidwa, nditanyamula buku ndi mapepala anayi ochokera kwa a Chisanu. Ndinatsekula tsamba la 41, ndinaloza ndi chala, n'kunena kuti mzere uwu ndi wabodza. Ndinawauza za foni, za kuphula, ndi kuti wolemba kalata ija ndi mlongo wanga wa bere limodzi. Anavula magalasi, anavala, anavulanso. Anayang'ana mapepala aja nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti miyendo ikufuna kuvina pansi pa tebulo, poti pepala lako lija lili ndi dzina lawonso. Kenaka anati, “Mayi, bwanji osandiuza nthawi yomwe ija? Ndikanakumvetsani.” Ndinati kapena, koma zaka zisanu zapitazo simunali munthu wofunsa kuti kunyumba kwacha bwanji. 

Za lamulo sakanachitira mwina, ndipo sindinawapemphe. Wolemba bodza m'buku la labotale sakhalanso m'labotale, ndinasainira zimenezo tsiku loyamba ntchito. Chimene anatha ndi kundilola kulemba ndekha kalata yosiya ntchito m'malo mochotsedwa. Lachisanu ndinapukuta sikelo, ndinatsuka kamtondo, ndinapachika chopanira pa msomali wake, ndinasiya makiyi. A Chisanu anandinyamulira katoni mpaka pageti akutukwana aliyense, kuyambira iwe. M'katonimo munali kapu, nsapato za pantchito ndi ambulera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sizinadzaze katoni imodzi.

Dzulo ndinadzuka nthawi yanga ya masiku onse, ndinasamba, ndinavala, ndinafika mpaka pakhomo ndisanakumbuke. Mayi amene amandisungira amayi masana ndamuuza kuti asamabwerenso, ntchitoyo tsopano ndi yanga. Amayi anandiyang'ana ndikuvula nsapato, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma, n'kundiyang'ananso. Sindinawafotokozere, akudziwa.

Kalata ya a Pulofesa yopita ku komiti yanyamuka kale, pamodzi ndi yanga yovomera, yosainidwa ndi dzina langa lonse. Iwenso ulandira phukusi la timabotolo tinayi tomata bwino, ndi pepala la kaphikidwe koona. Usatitsekule pa mpweya wachinyontho, ukudziwa mmene timapaleto timamwera madzi. Chitsulo chikhale chochindikala zala zitatu, ndipo chikhale chozizira. Kuchokera pa chitseko cha ng'anjo kufika pachitsulo usawerenge kupitirira zisanu. Uvale magolovesi aatali, ndipo potsekula nkhope uiike kumbali, nsidze zimachedwa kumera. Uphule ngati munthu amene akuthamangira kwina.

Ndikanatha kusunga pepala limenelo n'kukuuza kuti ubwere udzalitenge wekha m'chipinda cha amayi. Ndinaganizapo, osati kamodzi. Koma sindikufuna kuti ubwere kuno chifukwa cha sodiyamu.

Usandiimbire foni yothokoza, sindikuyankha bwino. Pepala lokonza zolakwika ulembe mmene akatswiri amalembera. Dzina langa kuliika kapena kusaliika ndi zako, poti munthu wopanda ng'anjo dzina la m'magazini angachite nalo chiyani?

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. M'kalata yanga ya ku komiti ndinangolemba kuti kunyumba kunagwa zadzidzidzi, ndipo a Pulofesa ndinawapempha kuti za chibale asalembe. Zimenezo ndakusiyira iwe. Adzakufunsa kuti mayi wa ku ng'anjoyu chinamugwira n'chiyani kuti aphule kambiya dzuwa likuswa mtengo n'kuthawa pantchito. Ukadzati sukudziwa, palibe wa pa tebulo limenelo amene adzakugwire bodza, ndipo ntchito yako idzakhalapobe. Koma ndikukupempha, usadzatero. Udzawauze kuti amayi ake anagwa pa masitepe. Udzawauze kuti anali amayi akonso, ndipo udzawauze kumene unali iwe.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga. Anawo uwafungatire, ndipo ngati sizikuvuta uwauze kuti ali ndi azakhali. Amayi ndawauza kuti ndikulembera iwe, ndipo agwira pepalali ndi dzanja lamanzere, ndiye ukaona pakona popindika udziwe kuti ndi moni wawo. Mulungu akusunge, akuimire pamaso pa komitiyo, ndipo chifuwa chija uzichifunditsa. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Sananene kuti sichithyoka.

Anati mpatse, ndakupatsa. Ukadzafunanso china usadzavutike kulembera a Pulofesa, poti m'manja mwangamu mwatsala chipeso chokha.

Ndine mlongo wako,
Mayi wa ku ng'anjo